Liwiro pa Marathon ndi Ndalama Zachifundo: Wothamanga wa ku Salima Asankhe Njira Iti?

Kuti munthu amalize marathon, mpikisano wothamanga makilomita 42.195, maola atatu asanakwane, ayenera kudutsa kilomita iliyonse pa mphindi 4 ndi masekondi 15, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Wofuna maola atatu ndi theka akufunika mphindi 4 ndi masekondi 58, wa maola anayi mphindi 5 ndi masekondi 41. Kelvin Kiptum wa ku Kenya atathamanga 2:00:35 ku Chicago mu 2023, kilomita iliyonse inkamutengera mphindi 2 ndi masekondi 51. Masamu amenewa sasamala kuti mukuthamangira mendulo kapena mukuthamangira odwala a kwanu. Kusiyana kwake n'kwakuti wothamangira zachifundo ali ndi ntchito ziwiri, kukonzekeretsa thupi ndi kutolera ndalama, ndipo zonse zimalimbirana zinthu zomwezo: m'mawa wa Loweruka, madzulo mukaweruka, ndi tulo.

Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Komabe ziwirizi n'zotheka, bola zisagundane nthawi. Ambiri amagwa pa masabata atatu omaliza, pamene thupi likufuna kupuma koma mwini wake ali padzuwa pa Kamuzu Road ndi kalata yopempha thandizo, kulowa sitolo iyi kutuluka kulowa inayo. Njira zonse zili m'munsimu ndikuziyeza ndi funso limodzi: kodi zikusiyirani mphamvu yochitira zinazo?

Mpikisano ndiwo umakusankhirani nyengo

Kukonzekera marathon kumatenga masabata 16 mpaka 20, ndiye tsiku la mpikisano ndi limene limanena kuti mudzakhetsa thukuta miyezi iti. Kuno kunyanja nkhani imeneyi ndi yaikulu kuposa kwa anzathu a ku Dedza kapena ku Mzuzu.

London Marathon ndiyo imabwera m'maganizo mwa aliyense akamva za kuthamangira zachifundo. Inayamba mu 1981, imachitika mu Epulo, msewu wake ndi wosalala, nyengo yake yozizirira, ndipo chiyambireni yatolera ndalama zopitirira mapaundi biliyoni imodzi. Malo ambiri amapezeka kudzera m'mabungwe achifundo, amene amakupatsani nambala inu n'kulonjeza kutolera ndalama zakutizakuti, kawirikawiri mapaundi 2,000 kapena kuposerapo. Kwa munthu wolandira makwacha, makamaka chigwereni ndalama yathu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, lonjezo limeneli ndi katundu wolemera, musanawerengere tikiti ya ndege, viza ndi pogona. Ndiponso Epulo akutanthauza kuti mitunda yanu yaitali idzagwera mu Januwale, Febuluwale ndi Malichi: mvula, matope, chinyezi chomata pakhungu, ndi malungo ali pachimake. Ndinganene mosabisa kuti ngati ulendo wokha ukudya ndalama zoposa zimene mutolere, ndipo palibe kampani kapena wachibale amene akulipira ulendowo, London si njira yothandizira anthu. Ndi ulendo wanu, ndipo palibe cholakwa kuutchula choncho.

Berlin mu Seputembala ndi Chicago mu Okutobala zili ndi vuto lomwelo la ndalama, koma nyengo yokonzekera ikukomerani: Juni, Julayi ndi Ogasiti, mwera ukuomba, m'mawa kukuzizira mpaka kuvala juzi.

Mipikisano ya m'mayiko oyandikana nafe ili pakatikati. Victoria Falls Marathon imachitika nyengo yozizira, cha mu Julayi. Kilimanjaro Marathon ku Moshi imakhala kumapeto kwa Febuluwale kapena kumayambiriro kwa Malichi, ndipo ili ndi chitunda chachitali. Soweto Marathon ya mu Novembala mungaifikire pa basi ya ku Johannesburg, koma ndi yazitunda, yotentha, ndipo mzindawo uli pamwamba kwambiri. Munthu wochokera ku Salima, kumene kuli mamita ngati 500 okha, akamva mpweya ukuperewera. Imeneyo ndi yokathamangira mtima, osati yokafunira nthawi yabwino.

Kwathu kuno, ku Blantyre kwakhala kukuchitika mpikisano wa makilomita 42, koma aliyense wodziwa Blantyre akudziwa kuti mulibe msewu wogona. Be More Race ya Standard Bank ku Lilongwe ili ndi makilomita 21 ndipo yokha ili kale ndi cholinga chachifundo. Ndi malo abwino oyesera liwiro, chifukwa nthawi ya pa makilomita 21 imakuuzani zoona za marathon yanu. Porters Race ya pa phiri la Mulanje ndi masewera ena ndithu, okwera miyala, ndipo kugwa kumodzi kungathetse zokonzekera zanu zonse. Ubwino wa mpikisano wa konkuno ndi wakuti ndalama yolowera ndi ya basi ndi zochepa, opereka angathe kubwera kudzakuonani, ndipo pafupifupi kwacha iliyonse ikafika kwa amene mukuwathamangira. Kuipa kwake, mphindi zingapo mudzazisiya pazitunda.

Njira zinayi zokonzekeretsa thupi

Yoyamba ndi yochulukitsa makilomita mosathamangitsa. Mumathamanga masiku asanu kapena asanu ndi limodzi pa sabata, ndipo magawo anayi mwa asanu a mtunda wonsewo mumayenda pa liwiro loti mungathe kucheza ndi mnzanu osadula mawu. Kamodzi pa sabata mumachita zolimba, ndipo kumapeto kwa sabata mtunda wautali umene umakula pang'onopang'ono mpaka makilomita 30 kapena 35. Ofuna maola atatu ambiri amafika makilomita 80 mpaka 110 pa sabata. Ofuna maola atatu ndi theka amakwanitsa ndi ochepera apo. Chifukwa chake njirayi imagwira n'chakuti thupi limasunga chakudya cha msanga chokwanira makilomita ngati 30 okha. Chikatha, miyendo imauma, mutu umazungulira, ndipo munthu amene amaoneka ngati ngwazi pa kilomita 25 amayamba kuyenda. Kuthamanga kwambiri mofatsa kumaphunzitsa minofu kugwiritsa ntchito mafuta a m'thupi, kumachulukitsa timitsempha topereka magazi, ndiponso kumalimbitsa mafupa ndi misempha kuti zipirire kugunda pansi kwa maola atatu.

Ku Salima njirayi ili ndi mwayi wake. Dera ndi lathyathyathya, ndipo msewu wochoka m'tauni kupita ku Senga Bay ndi wa makilomita cha m'ma 20, kutanthauza kuti kupita n'kubwerera pang'ono mwapeza mtunda wanu wautali. Ku Nkhotakota, M5 yolowera ku Chia imachitanso chimodzimodzi. Koma muyenera kudzuka 4 koloko, chifukwa dzuwa likangotuluka panyanja liwiro limatsika lokha, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 30 tsiku ndi tsiku. Mumdima umenewo valani chowala, thamangani moyang'anana ndi magalimoto, ndipo musakhulupirire kuti woyendetsa thiraki wakuonani. Njira za fumbi za m'midzi zimakomera mawondo kuposa phula, kungoti agalu ake muwadziwe. Vuto lenileni la njirayi ndi tulo: wodzuka 4 koloko ayenera kugona 9 koloko isanakwane, ndiye misonkhano ya komiti yotolera ndalama ya usiku ndi mafoni opita kwa achibale a kunja sizigwirizana nayo.

Yachiwiri ndi ya masiku atatu okha, onse olimba: tsiku lina kubwereza kilomita imodzi kasanu kapena kasanu ndi kamodzi mwaliwiro, kupumira pang'ono pakati, tsiku lina makilomita 10 mpaka 14 pa liwiro loyandikira la mpikisano, kenako mtunda wautali. Masiku otsalawo mumapalasa njinga kapena kusambira. Kwa namwino wogwira mashifiti, mphunzitsi, kapena mayi wa ana aang'ono, imeneyi ndiyo yotheka, ndipo imasiya madzulo ambiri oti muyendere opereka. Njinga kuno si vuto. Kusambira ndiye kufuna nzeru: malo a mabango ndi madzi odikha ndi kwawo kwa nkhono za likodzo, ndipo likodzo limachepetsa magazi, chinthu chimene wothamanga sangakwanitse kutaya. Ngati mumalowa m'nyanja, kayezetseni ndipo mumwe mankhwala ake. Kufooka kwa njirayi kumaonekera pa kilomita 32. Ingakufikitseni pa maola anayi, mwinanso atatu ndi theka, koma ofika pa maola atatu ndi masiku atatu okha ndi anthu obadwa nalo liwiro kapena amene anathamanga kwambiri zaka zam'mbuyo. Komanso popeza tsiku lililonse ndi lolimba, kuvulala sikuchedwa.

Yachitatu ndi ya gulu, mmene akatswiri othamanga amachitira ku Iten ndi ku Kaptagat ku Kenya: Lachiwiri pabwalo, Lachinayi kusinthasintha liwiro pamsewu wa fumbi, mphindi imodzi mwamphamvu imodzi mofatsa, kumapeto kwa sabata mtunda wautali onse pamodzi. Sifuna wotchi yodula, ndipo kudziwa kuti anzanu akudikirani pa mphambano kumakudzutsani ngakhale mwera ukuomba. Pa nkhani ya ndalama ndiye ilibe inzake: anthu khumi ovala malaya ofanana akudutsa pamsika Loweruka lililonse ndi uthenga umene palibe chikwangwani chingaufikire, ndipo ntchito yotolera mumagawana. Choopsa n'chakuti gulu la anyamata silidziwa kufatsa. Tsiku lopumitsa thupi limasanduka mpikisano, wina safuna kuoneka wofooka pamaso pa akabaza, ndipo pakutha pa mwezi theka la gulu likutsimphina. Anthu amaiwala kuti akatswiri a ku Kenya masiku awo ofatsa amathamanga pang'onopang'ono zedi, kenako n'kukagona masana. Inu masana muli kuntchito.

Yachinayi ndi imene yatchuka ndi abale a Ingebrigtsen, akatswiri othamanga a ku Norway: zolimba kawiri pa tsiku limodzi, m'mawa ndi madzulo, uku akudzibaya chala kuyeza magazi ndi kamakina kuti asapyole muyeso. Popanda kamakinako, popanda mphunzitsi, ndi kutentha kwa madzulo a ku Salima, isiyeni. Chimene mungatengepo n'chimodzi: tsiku lolimba muzimaliza mukumva kuti mukanatha kuwonjezera pang'ono.

Mwa zinayizi, wofunadi liwiro atenge yoyamba, n'kubwereka gulu pa mtunda wautali wa Loweruka wokha. Yachiwiri ndi ya amene ntchito yawapanikiza ndipo avomereza kuti nthawi yawo idzakhala yabwinoko koma osati yodabwitsa.

Kukwera kumtunda, chakudya ndi nsapato

Ena amati muzipita ku Dedza kapena ku Ntchisi kumapeto kwa sabata kuti magazi achuluke ngati a ku Kenya. Iten ili pa mamita ngati 2,400, Dedza ili cha m'ma 1,600, ndipo kuti magazi asinthe pamafunika kukhala pamwamba masabata atatu kapena anayi, osati masiku awiri. Komabe ulendowo suli wachabe. Kumtunda kumazizira, ndiye mungathamange liwiro lenileni la mpikisano osapsa, ndipo mumapeza zitunda zimene kunyanja kulibe. Ngati mpikisano wanu ndi wa ku Blantyre kapena Soweto, zitunda za M14 polowera ku Mvera kapena Khwekhwerere wa ku Golomoti muyenera kuzilawa kangapo. Kutentha kwa kwathu nakonso n'chida: thupi likazolowera kuthamanga motentha kwa masabata awiri, madzi a m'magazi amachuluka ndipo thukuta limayamba msanga, choncho mukapita kozizira mumamva kupepuka. Kungoti pa tsiku lotentha musakakamire liwiro la papepala.

Pa mtunda wopitirira maola awiri thupi limafuna chakudya chopatsa mphamvu chokwana magalamu 30 mpaka 60 pa ola. Timapaketi ta gel ta akatswiri n'todula ndipo sitipezeka pafupi. Nthochi imodzi yapakatikati ili ndi magalamu ngati 25, ndipo uchi kapena madzi a shuga ndi kamchere pang'ono zimagwira ntchito yomweyo. Gwirizanani ndi wakabaza kuti azikutsatirani ndi mabotolo, mum'lipire bwino chifukwa mwamudzutsa usiku. Chimene mudzadye pa mpikisano muyambe kuchiyesa tsopano, m'mimba simufuna zachilendo. Kunyumba, nsima, mpunga, mbatata ndi kondowole zikukwanira, koma kondowole payekha alibe zomanga thupi, ndiye usipa, nyemba, mazira ndi masamba zisasowe. Amayi makamaka ayezetse kuchuluka kwa magazi asanayambe. Asilamu, amene ndi ambiri ku Salima ndi ku Nkhotakota, ayang'ane kalendala: mwezi wa Ramadan ukagwera pakati pa masabata olemera, ndi bwino kusankha mpikisano wina kusiyana n'kulimbana ndi makilomita 32 opanda madzi.

Nsapato zokhala ndi kachidutswa kolimba ka kaboni mkati zimathandizadi pang'ono, koma za pa kaunjika zambiri zimafika zitafa kale mphira wake ngakhale pamwamba zikuwala. Pindani, dinani chidendene, yang'anani kunsi. Mapeyala awiri wamba osinthanitsa aposa imodzi yapamwamba yotopa. Ndipo ndalama ya nsapato ichoke m'thumba mwanu.

Katoleredwe ka ndalama

Apa ndi pamene mbiri ya munthu imamangidwa kapena kugumuka, ndipo njira zake zimasiyana kwambiri pa mphamvu imene zimakudyerani.

Pepala la mayina, loyenda nalo kuntchito, kutchalitchi, kumzikiti ndi m'masitolo, aliyense amalidziwa ndipo munthu savuta kupereka mukamuyang'ana m'maso. Koma limayendetsa padzuwa, ndalama zake ndi zing'onozing'ono, ndipo olemba dzina n'kunena kuti "mubwere pa malipiro" ndi ambiri. Ngati mwasankha limeneli, lithe m'masabata oyamba, makilomita asanachuluke.

Airtel Money ndi Mpamba zimachotsa kuyenda konseko: uthenga umodzi pa WhatsApp ndi pa Facebook, chithunzi cha mtunda wa Loweruka, ndalama n'kumalowa muli gone. Msampha wake ndi kugwiritsa ntchito nambala yanu ya tsiku ndi tsiku. Ndalama ya odwala ikasakanikirana ndi ya ndiwo ndi ya mayunitsi a magetsi, ngakhale munthu wokhulupirika amasokonezeka, ndipo kochotsa kulinso ndalama yodulidwa imene muyenera kuifotokoza. Tsegulani nambala yapadera, wina wachiwiri aziona nawo, ndipo sabata iliyonse muzilengeza zimene zalowa.

Yoposa zonse kwa ine ndi yakuti ndalama zisadutse m'manja mwanu n'komwe. Pitani ku bungwe lokhazikika, monga Ndi Moyo ya ku Salima, imene anayambitsa mayi Lucy Finch kuti isamalire odwala matenda osachiritsika, kapena chipatala cha mishoni ngati St Anne's ku Nkhotakota, kapena sukulu ya kwanu. Afotokozereni, akavomera akupatseni kalata ndi njira yawo yolandirira, opereka azitumiza komweko n'kulemba kuti ndi za mpikisano wanu. Ngati ndi bungwe limene simukulidziwa bwino, funsani ngati linalembetsa ku NGORA, bungwe la boma loyang'anira mabungwe omwe si aboma. Mumataya chisangalalo choona ndalama zikukwera pa foni yanu, koma mumagona tulo, ndipo makampani amamasuka kupereka kumene kuli risiti. Funsaninso chimene akusowadi. Kunena kuti mukuthamangira matiresi a wodi ya amayi kapena madesiki a Sitandade 1 kumatsegula matumba kuposa kungoti "ovutika".

Masamba a pa intaneti ngati GoFundMe ndi JustGiving amafika kwa achibale a ku Johannesburg, ku UK ndi ku America, amene ndalama yawo ikasinthidwa imalemera. Koma GoFundMe salola munthu wa akaunti ya ku Malawi kulandira mwachindunji, ndiye pamafunika wina wa kunja woti azisunga, ndipo munthu ameneyo akhale woti mungamusungitse mwana. JustGiving imayenda bwino ngati bungwe lanu lili ndi nthambi yolembetsedwa ku UK.

Big walk, mpira wa chifundo kapena chakudya chamadzulo zimabweretsa ndalama zambiri tsiku limodzi ndipo zimasangalatsa mudzi, koma kukonza kwake n'kofanana ndi kukonza ukwati: makalata, kudziwitsa apolisi, zokuzira mawu, mipando, kenako tsiku lonse chiimire. Ichitike masabata khumi kapena kuposa mpikisano usanafike, ndipo wapampando asakhale inu.

Palinso funso la mmene anthu alonjezere. Ena amati ndipereka ukamaliza, ena pa kilomita iliyonse, ena amati ndiwirikiza ukatsika maola atatu. Lomalizali limakoma pouza anthu, koma limaononga mathamangidwe. Marathon yabwino imafuna kuti theka loyamba muyende modziletsa, ngakhale mochedwerapo pang'ono kuposa lachiwiri. Munthu amene akudziwa kuti madesiki makumi awiri ali pa wotchi yake amanyamuka ngati akuthawa moto, ndipo ngati kwatentha kapena m'mimba mwavuta, amakakamira pamene anayenera kutsitsa liwiro. Kukomoka ndi kutentha kumapha. Lolani lonjezo lotere kwa munthu mmodzi kapena awiri okhupuka, likhale lowonjezera chabe, koma ndalama zenizeni zilowe musananyamuke.

Kuziika pa kalendala

Ndikanakhala kuti ndikulangiza mnzanga wa ku Salima wofuna maola atatu ndi theka kutsika pansi, ndikanati asankhe mpikisano wogwera pakati pa Julayi ndi kumayambiriro kwa Okutobala, kuti masabata olemera akhale a mwera. Miyezi iwiri asanayambe ndondomeko, akhale atagwirizana kale ndi bungwe, kalata ili m'manja, makampani atalemberedwa, chifukwa iwo amachedwa kuyankha. Masabata asanu ndi limodzi oyamba, makilomita akadali ochepa, ndiyo nthawi yoyenda ndi pepala ndi kuchita big walk. Pakati, pamene mtunda wautali wafika pa 28 mpaka 35, ntchito yotolera itsale ya pa foni yokha: chithunzi chimodzi Loweruka, lipoti limodzi Lamlungu. Masabata atatu omaliza makilomita amatsika, miyendo imayabwa kufuna kuthamanga, ndipo nthawi imaoneka ngati yachuluka; imeneyo si nthawi yoyambiranso kuzungulira m'masitolo. Perekani foni ya zopereka kwa mnzanu.

Ndalama ya ulendo ndi ndalama ya chifundo zikhale m'matumba awiri kuyambira tsiku loyamba. Ngati mukufuna thandizo la basi ndi pogona, pemphani padera ndipo mutchule dzina lake.

Chinthu china choti munene poyambirira pomwe, m'kalata ndi pa WhatsApp, n'chakuti zopereka zidzapita ku bungwe ngakhale inu mutalephera kuthamanga. Kuno malungo angakugwireni sabata iliyonse, ngakhale mumagona m'masikito. Akakugwirani, kayezetseni tsiku lomwelo, malizani LA yense, ndipo musabwerere pamsewu kutentha thupi kukangotha, chifukwa malungo amaphwanya maselo ofiira a magazi ndipo amatenga masabata kuti abwerere. Akabwera kutatsala miyezi iwiri, mungataye sabata ndi theka n'kupitiriza ndi cholinga chotsikirapo. Akabwera kutatsala masabata awiri, uzani opereka kuti mwasamukira ku mpikisano wina, tumizani risiti ya bungwe kwa aliyense, ndipo nambala yanu ya pachifuwa idikire.